Thabwa la walnut lomwe ndagula layera mkati, kodi weniweni amapezeka kuti mu Mzuzu muno?

Kapuleni_Katoto
Moni nonse. Ine ndi munthu wa muofesi, za matabwa ndimangochita Loweruka ndi Lamulungu masana pakhonde la kuseri kuti mutu upumeko. Mabedi ndi zitseko si zanga ayi. Zanga ndi tinthu ta padesiki: kotsamiritsapo foni, koikamo zolembera, kathireyi ka makiyi, kokwezera laputopu. Anthu amene ndimawaonera pa YouTube onse amagwiritsa ntchito walnut, ndipo akamaliza n'kupaka mafuta kanthuko kamachita bii ngati chokoleti. Ndinasirira mpaka tulo kusowa.

Ndiye sabata yatha mkulu wina anandigulitsa thabwa lotalika mita imodzi, akulumbira kuti ndi walnut wochokera ku Dar es Salaam. Ndinatulutsa K28,000. Dzulo nditangolowetsa sowo, utuchi ukutuluka woyera mbee, fungo la paini mpaka m'khitchini. Kuda konse kuja kunali pakhungu pokha. Ndikaimba foni, nambala yake sikupezeka.

Za ndalamazo ndazikhululukira. Funso langa ndi lakuti walnut weniweni ndingamupeze kuti kuno?

Chiswe265
Pepani akulu, mwagula paini wovala suti.

Nya_Chibavi
K28,000 kathabwa kamodzi? Achimwene, akunyumba akudziwa zimenezi?

Kapuleni_Katoto
Akudziwa kuti ndinagula K8,000. Chonde tisapitirire pamenepo.

MmisiriWakale
Achimwene, pepani. Ine sowo ndaigwira zaka zoposa 30, koma walnut weniweni ndamugwira kawiri kokha, ndipo konseko kunali kukonza mipando yakale yomwe azungu anabwera nayo kuchokera kwawo. Mtengo umenewu sumera kuno. Umene mukuuona pa mavidiyowo ndi black walnut, akatswiri amati Juglans nigra, ndipo kwawo ndi kum'mawa kwa America. Ulipo mnzake, Juglans regia, wa ku Ulaya ndi ku Asia, womwe mtedza wake mumauona m'mashopu akuluakulu. Yonse iwiri imafuna chisanu chenicheni, chogwetsa masamba onse, osati kuzizira kwathu kwa June komwe timangovala juzi ziwiri.

Tsiku lina munthu akadzakubweretserani thabwa lakuda, osayang'ana pamimba pake. Yang'anani kumapeto komwe anadula, ndipo palanipo pang'ono ndi mpeni iye akuona. Akakana, bwezani ndalama m'thumba. Walnut amada mpaka mkati, ndipo ali ndi timabowo tomwe pathabwa lopala timaoneka ngati timizere tifupitifupi. Paini alibe timabowo timeneti. Komanso mukanangolinyamula thabwalo mukanadabwa kupepuka kwake.

Koma ndikufunseni. Mlombwa munaupalapo?

Kapuleni_Katoto
Ayi madala, mlombwa ndimangoudziwa pa zitseko za tchalitchi.

MmisiriWakale
Ndiye mukulirira nsima ya kwa eni poto wanu ali pamoto. Mlombwa wouma bwino, womwe wachokera pamtima pa mtengo, umakhala ndi mizere ya bulawuni wagolide, ina yofiirira, ina yoderako. Mukaupaka mafuta, munthu wamba sangausiyanitse msanga ndi zomwe mukuona pa foni yanuzo. Ndipo uli ndi khalidwe limodzi lomwe amisiri timaukondera: sutupa kapena kufota kwambiri nyengo ikasintha. N'chifukwa chake makolo ankasemera mabwato ndi ng'oma. Chiswe nachonso sichiulowa wamba.

Chiswe265
Ndikutsimikiza, mano anga analephera.

WakuJoni_Mzimba
Zimene anena madalawa ndi zoona. Ine ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito yopanga makabati a m'khitchini. Kuno walnut wa ku America amapezeka m'mayadi a matabwa, koma mtengo wake ndi wa mabwana. Chomwe chidzakusekeseni ndi ichi: mlombwa wathu womwewo kuno amautcha kiaat, ndipo azungu amaulemekeza kwambiri, ukakhala patebulo mlendo amayamba wausisita kaye. Ku Zimbabwe ndi ku Zambia amati mukwa. Inu muli nawo pafupi koma mukufuna wa ku America, iwo akufuna wanuwo.

Chenjeraninso ndi dzina loti African walnut. Umenewo ndi mtengo wina, Lovoa, wa nkhalango za mvula za ku West Africa ndi Congo, ndipo ndi wachibale wa mbawa, si walnut konse. Dzinalo ndi la malonda chabe.

Ngati mtima wanu sukhazikika mpaka mutagwira weniweni, ndikhoza kukutumizirani tizidutswa pa basi mu December. Tina timangotaya.

Mlonda_wa_Kaning'ina
Ndikuona nonse mukuombera m'manja mlombwa, koma palibe akufunsa kuti ukuchokera kuti. Pitani m'nkhalango zathu mukawerenge milombwa ikuluikulu yomwe yatsala. Mtengo umenewu umakula mochedwa zedi. Kambande kake kamatha zaka zingapo kakuuma pamwamba chilimwe chilichonse n'kuphukanso ndi mvula, kasanayambe n'komwe kukwera. Amene akuudula lero sadzaona wolowa m'malo mwake.

Si nkhani ya ine ndekha. Mu 2022, pamsonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, ku Panama, mitundu ya mu Africa ya Pterocarpus, komwe kuli mlombwa, anailemba pa mndandanda wa mitengo yofunika chilolezo pogulitsa kunja, pamodzi ndi mbawa ndi msambamfumu. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unalowa kale mu 2019, titautha ndi manja athu. Kwathu kuno lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020. Ndiye tisamalimbikitsane ngati mlombwa ndi bulugamu.

Kapuleni_Katoto
Akulu, ine ndikufuna kotsamiritsapo foni, si kontena.

Mlonda_wa_Kaning'ina
Aliyense amatero. Wa makala nayenso amati thumba limodzi lokha.

MmisiriWakale
A Mlonda, nkhawa yanu ndi yoona, ndipo sinditsutsa. Matabwa a mlombwa omwe ndinkagula ndili mnyamata anali otambalala moti awiri okha ankakwana chitseko. A lero muyenera kulumikiza asanu. Maso anga aona zimenezo.

Koma taonani kukula kwa zomwe mnyamatayu akupanga. Kotsamiritsapo foni kamafuna kachidutswa kosaposa chikhatho. Pitani kwa akalipentala a ku Zigwagwa kapena ku Luwinga madzulo, muone zomwe zikulowa pamoto wophikira nsima. Zidutswa za mlombwa ndi mbawa zotsala pa mafelemu, zomwe kwa iwo ndi nkhuni. Mtengowo unagwa kale. Chabwino n'chiti, kuti chidutswacho chiphike nyemba kapena chikhale padesiki zaka 20?

Palinso mipando yakale. Bedi lothyoka la agogo, chitseko chomwe achotsa pokonzanso nyumba. Thabwa loterolo linauma kalekale, limaposa latsopano lililonse. Muzingosamala misomali yobisika, imapha puleni.

Mlonda_wa_Kaning'ina
Za zidutswa ndi mipando yakale ndilibe nazo mlandu. Vuto limayamba tsiku lomwe anthu a kuofesi ayamba kuoda, munthu n'kuona kuti zidutswa zachepa, n'kuyamba kuitanitsa thabwa lathunthu. Ndaziona.

Mphunzitsi_Zolozolo
Ine ndiimirire paini, poti mwamunyoza mokwanira. Nkhalango ya Viphya ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo anaibzala poyembekezera fakitale ya mapepala ku Chintheche yomwe sinamangidwe. Ndiye paini ndi mtengo wathu anthu a kuno, wobzalidwa kuti udulidwe. Koikamo choko ndi zolembera komwe kali patebulo langa kusukulu ndi ka paini, ndinapanga ndekha, ndipo kakutha chaka chachinayi.

Ngati vuto ndi mtundu, pali njira. Viikani waya wotsukira mapoto, wachitsulo wochita dzimbiri msanga uja, mu vinega kwa masiku angapo, botolo osatseka kwambiri. Thabwalo yambani mwalipaka tiyi wakuda bii wopanda shuga, liume, kenako pakani madzi a vinega aja. Chitsulo chikakumana ndi tannin, mankhwala achilengedwe a mu tiyi, thabwa limada lokha.

Chiswe265
Aphunzitsi, ndiye kuti ndinu munawagulitsa thabwa lija?

Mphunzitsi_Zolozolo
Iwe, ine ndikapaka ndimanena kuti ndapaka.

Kapuleni_Katoto
Njira imeneyo ndinaiyesapo aphunzitsi, paini wanga anatuluka wotuwa ngati phulusa, osati bulawuni. Komanso paini ndi wofewa, chikhadabo chokha chimasiya chizindikiro. Pa kanthu komwe ukagwira tsiku lililonse zimaoneka msanga.

Nya_Chibavi
Koma inu anthu, foni singatsamire pa kapu? Yanga imatsamira pa botolo la mafuta odzola chaka chonse, sinadandaulepo. Izi ndi zosowa chochita za anthu a maofesi.

MayiWaAkaunti
Asisi, musatero. Ena akaweruka amapita ku bawo, ena ku mpira, ena kumowa. Bambo a kunyumba kwanga anayamba zomwezi chaka chatha, ndipo ndimadziwa komwe ali Loweruka lonse: kuseri kwa nyumba, akutukwana thabwa. Chodandaula changa ndi utuchi basi. Umalowa mpaka mu ufa.

Nya_Chibavi
Apo ndiye mwandigonjetsa. Tumizani awo aphunzitseko anga.

Mlimi_Lupaso
Pepani ndilowerere ndi funso la mbali. Utuchi umene mukutayawo sungathandize m'khola la nkhuku kapena m'dimba? Komanso mtedza wa walnut ndi womwe uja wa macadamia?

WakuJoni_Mzimba
Ayi bambo, ndi mitengo iwiri yosiyana. Macadamia kwawo ndi ku Australia, ndipo ndi amene amalimidwa kwathu, ku Thyolo ndi ku Kawalazi. Walnut mtedza wake ndi wamakwinya ngati ubongo.

Za utuchi, wa paini ikani m'khola mulibe vuto bola ukhale wouma. Koma wa black walnut ayi. Mtengowo uli ndi mankhwala ake otchedwa juglone omwe amafooketsa mbewu zina, makamaka tomato, ndipo oweta mahatchi amauopa chifukwa mahatchi akaupondaponda amadwala ziboda. Ndiye a Kapuleni, tizidutswa tanga tikafika, zopala zake musakathire pa tomato wa alamu.

MayiWaAkaunti
Poti akatswiri mwasonkhana, ndithandizeni ichi. Bambo anapanga kathireyi kokongola ka mbawa mu April, tinatumiza kwa mng'ono wanga ku Karonga. Pofika October anatitumizira chithunzi, kang'aluka pakona ndipo pansi papindika ngati mbale. Iwo akuti guluu anali wabodza. Zoona?

MmisiriWakale
Mayi, guluu musamunamizire. Wolakwa ndi Mzuzu.

Thabwa limapuma. Kukakhala chinyezi limamwa, kukauma limalavula, ndipo likamalavula limafota m'lifupi, osati m'litali. Kuno mvula imatsalira mpaka April ndi May anzathu a kumwera atayamba kale kukolola, kenako kumabwera nkhungu ndi mawawa a June. Thabwa lomwe lakhala pakhonde nthawi imeneyo lakhuta madzi ngakhale m'manja likumveka louma. Ndiye mwalitenga mwalipititsa ku Karonga, kunyanja, mu October. Lichita bwanji? Pansi pa thireyi pakufuna kufota, m'mbali mwagwira ndi guluu mbali zonse zinayi, china chiyenera kugonja.

Mankhwala ake ndi awiri. Choyamba, umitsani. Amisiri timawerengera chaka chimodzi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa thabwa laliwisi, litasanjidwa pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Tizidutswa tating'ono lowetsani m'nyumba milungu ingapo musanatigwire. Mulibe mita yoyezera chinyezi? Sikelo ya kukhitchini ikwana. Yezani kachidutswako Loweruka lililonse, lembani kulemera kwake ndi pensulo pomwepo. Manambala akasiya kutsika, kakonzeka.

Chachiwiri, pansi pa thireyi musamamate ndi guluu kuzungulira. Dulani kamsewu m'kati mwa mbali zinayizo, thabwa la pansi lilowe m'menemo momasuka, lizitupa ndi kufota mwa kufuna kwake. Kapena semani thireyi yonse pa chidutswa chimodzi ndi tchizulo, ilibe polumikiza, ilibe pong'alukira. Ndipo mukapaka mafuta pakani mbali zonse, pansi pomwe. Mukapaka kumwamba kokha, mbali imodzi imapuma kuposa inzake, ndiye kupindika kuja.

MayiWaAkaunti
Ndawawerengera mokweza. Angoti "hmm" n'kutuluka panja.

Kapuleni_Katoto
Madala, apa ndaphunzirapo. Nanga zopaka? Ine vanishi sindimukonda, amachititsa thabwa kuoneka ngati pulasitiki.

Fundi_Mchengautuwa
Apo ndiye ndikutsutsani. Ine ndimadya za matabwa, si zosewera za Loweruka. Kasitomala wa kuno akafuna chinthu amafuna chiwale. Ukampatsa cha mafuta amafunsa kuti mumaliza liti. Komanso padesiki pamakhala kapu ya tiyi. Mafuta anuwo kapu yotentha ikakhalapo imasiya bwalo, vanishi amapirira.

Kapuleni_Katoto
Koma vanishi akakalika ndiye kuti upale chonse. Cha mafuta umangopakanso pomwepo.

Fundi_Mchengautuwa
Ndani amapakanso? Mukagulitsa chinthu chapita, mwini wake sadzachipakanso mpaka Yesu adzabwere.

MmisiriWakale
Nonse mukunena zoona, mukungosiyana makasitomala. A Fundi akupangira anthu, a Kapuleni akudzipangira okha. Pa tinthu togwiragwira ine ndimatsata mafuta. Kwechani ndi sandipepa motsatira mizere ya thabwa, kuyambira yokhakhala ya nambala 80, kenako 120, 180, mpaka yosalala ya 220, osadumpha. Pukutani ndi kansalu konyowa kuti tiubweya tidzuke, kaume, kwechaninso mopepuka. Pakani mafuta opaka matabwa a linseed, aja amalembedwa kuti boiled pa botolo, dikirani mphindi 15, pukutani onse otsala mpaka kanthu kaume m'manja. Mawa bwerezani. Katatu kakwana. Pomaliza phula la njuchi losungunulira m'mafuta pang'ono, limapezeka kwa alimi a njuchi konsekuno.

Chenjezo limodzi, ndipo ili musaliseke. Nsanza yomwe mwapakira linseed musaiunjike pakona. Mafutawo akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zounjikana zimatha kuyaka zokha usiku. Iyanikeni yotambasula panja kapena iviikeni m'madzi.

Fumbi la mlombwa nalonso limayetsemulitsa ndipo ena limawayabwa. Valani kansalu kumphuno.

Mphunzitsi_Zolozolo
Poti mwatchula mafuta, mukudziwa kuti tauni inoyi inabadwa chifukwa cha mafuta opaka matabwa? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kampani ya boma la Britain yotchedwa CDC inatsegula esiteti ya mitengo ya tung kuno. Njere zake amafinya mafuta opangira penti ndi vanishi, omwewo amene anthu a pa YouTube amapaka pa walnut wawo. Mzuzu inakula kuzungulira esiteti imeneyo, mpaka kudzakhala mzinda mu 1985. Malonda a tung anagwa atabwera mapenti opangidwa ndi mankhwala. Lero munthu wa ku Katoto akafuna kabotolo ka mafuta a tung ayenera kuitanitsa ku Joni.

WakuJoni_Mzimba
Ndiye ndiwonjezere kabotolo pa katundu wa December uja?

Kapuleni_Katoto
Onjezani achimwene, ndibweza. Aphunzitsi, zimenezo sindinkazidziwa, ndipo ndakhala kuno zaka 9.

Chiswe265
Gulu la matabwa lasanduka kalasi ya hisitole. Mayeso ali liti?

Dada_wa_Masasa
Monire mose. Ine ndangobwera kudzanena kuti anyamata osema ziboliboli ku Nkhata Bay akhala akudetsa mitengo ndi polishi wa nsapato kuyambira kale, mzungu n'kumati wagula phingo. Ndiye a Kapuleni musadzione opusa, mwangolowa mumzere wa alendo.

Kapuleni_Katoto
Yewo adada, mwanditonthoza mondinyoza.

Fundi_Mchengautuwa
Tibwerere ku ntchito. Kotsamiritsapo foni mukupanga motani? Ambiri amalakwitsa kamsewu. Amayeza foni yopanda chikuto, kenako mwini wake akabwera nayo ili m'chikuto sikulowa. Ine ndimadula mamilimita 12 kapena 13, kopendekera kumbuyo pang'ono, ndipo ndimaboola pansi podutsa chingwe cha chaja. Ndipo kamsewuko kadutse mopingasa mizere ya thabwa. Mukakadula motsatira mizere, mlomo wa kutsogolo umabenthuka tsiku lomwe kagwe pansi.

Kapuleni_Katoto
Zobenthukazo zinandichitikira kawiri, ndinkati ndi tsoka. Ndilibe makina, ndimadula mizere iwiri ndi sowo ya m'manja n'kuchotsa pakati ndi tchizulo.

Fundi_Mchengautuwa
Zikwana. Ndipo magetsi akazima inu ntchito ikupitirira, ine ndili pansi pa mtengo kudikira. Tchizulo chokha chikhale chakuthwa moti chimete ubweya wa pamkono.

Kapuleni_Katoto
Ndabweranso patatha milungu itatu. Ndinapita ku Zigwagwa monga munanenera madala. Kalipentala wina anandiloza mulu wa kuseri kwa shedi yake n'kunena kuti sankhani, anandiseka kuti bwana mukufuna nkhuni. Ndinatola zidutswa 11 za mlombwa ndi 3 za mbawa, ndinamusiyira ya fanta. Zinayi zinali zotsala pa felemu yakale yomwe anachotsa panyumba ina, ndipo pa sikelo sizinatsike ngakhale pang'ono, ndiye ndayamba ndi zimenezo. Zinazo zili pansi pa bedi zikudikira.

Ndapanga kotsamiritsapo foni ndi kathireyi kosema pa chidutswa chimodzi. Nditapaka linseed koyamba ndinakhala kaye pansi. Sindinama, si walnut. Walnut wa pa mavidiyo amapita ku bulawuni wozizira, uyu ndi wofunda, ali ndi moto mkati, ndipo mbali ina pali kamzere koyera komwe ndinakasiya dala. Kuofesi anthu atatu afunsa kale mtengo wake.

Mlonda_wa_Kaning'ina
Anthu atatu. Ndinanena.

Kapuleni_Katoto
Ndawauza kuti sindigulitsa, a Mlonda. Zidutswa zikatha ndiye kuti zatha, ndikatolanso ku mulu.

WakuJoni_Mzimba
Ndiye walnut uja ndisiye?

Kapuleni_Katoto
Ayi tumizanibe, ndikufuna ndimugwire kamodzi ndi manja anga, ndiwaike pamodzi ndione.

MmisiriWakale
Mukadzawaika pamodzi musawaike padzuwa la pawindo. Walnut akakhalitsa padzuwa amayera, kuda kuja kumachepa ndi zaka. Tumizani chithunzi cha pansi pa thireyiyo, ndione ngati mwapakako.

Chiswe265
Nanga paini wa suti uja ali kuti?

Kapuleni_Katoto
Ndamukhoma kubafa, akusunga sopo. Madala, pansi ndinaiwala. Ndipaka madzulo ano.

Nya_Chibavi
Achimwene, botolo langa la mafuta latha ndipo foni ikungogwa. Simugulitsa ndamva, koma kupatsa mlongo wanu si kugulitsa.